Tsamba la Mwezi wa Meyi

Ku Chingwere akufa ali ndi manambala
ngati nyumba za ku Matero.
Ndatsika minibasi ndi khasu lokulunga m'chitenje,
botolo la madzi, ndi chaka chimodzi m'mutu,
chaka chimene mlongo wanga Yokoniya
analeka kutsokomola.

Kalaliki wa khonsolo wanyowetsa chala ndi malovu.
Kaundula wake ndi wolemera ngati mwana wogona,
chikuto anachimanga ndi mphira wa chubu.
Watsegula Malichi, watsegula Epulo,
mayina ali ndondondo, inki itasanduka dzimbiri:
Abemba, Atonga, Alozi, ife akum'mawa,
onse pamzere umodzi, popanda wokankha mnzake.
Pofika Meyi, tsamba lasanduka sefa.
Chiswe chinayamba kuwerenga ife tisanabwere.
Chatsala ndi "niya" basi, ndi mchira wa nambala,
seveni kapena wani,
akuti zimatengera dzanja la amene analemba.

Kwathu ku Chadiza kunalibe buku.
Manda anali nkhalango yosalowamo nkhwangwa,
adzukulu ankasunga zonse pamtima:
uyu wagona patsinde pa msolo,
uyo kumiyendo kwa amalume ake,
wakhanda uja pambali, pali mphika woboola.
Koma adzukuluwo anagonanso,
ndipo ana awo akugulitsa tomato ku Soweto.
Ndisaname, nakonso tinasokoneza anthu.

Poika Yokoniya ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu.
Ndikumbuka fumbi, lole ya kuntchito kwake,
nsapato zobwereka zondithina.
Amayi anazika kachitsulo kolembedwa ndi penti yoyera,
nasiya kapu yake, ataiboola kunsi.
Zitsulozo zinakwera sikelo kalekale.
Dzina la mlongo wanga linagulidwa pa kilo,
mwina lero ndi mbaula ku Chaisa,
mwina ndi geti la munthu ku Kabulonga.

Mnyamata wa chikwakwa wanditsata:
"Amayi, fifite kwacha, ndikuonetsani."
Ndamufunsa kuti anabadwa liti.
Waseka, wabwerera kukatchetcha.

Ndawerenga mizere monga wandiuzira kalaliki,
kuyambira pa bulugamu wopsa mbali imodzi.
Mitumbira yaphwa, yagundana mapewa,
chisoso chafufuta malire.
Pamene pathera kuwerenga kwanga
pali kale mayi wina, wagwada,
akuzula udzu ndi manja.
Akuti apa ndi pa mwamuna wake, Mwiinga,
chaka chomwecho, mwezi womwewo,
tsamba lake ndi lomwe lija.

Tayang'anana. Dzuwa lili paliwombo.
Wina akadatukwana, wina akadathamangira kwa kalaliki.
Iye wangosendera pang'ono
nanena m'chinyanja chake chopindika:
"Imwe limani kumutu, ine kumendo."

Tapalira mtumbirawo,
ndi wakumanja, ndi wakumanzere,
kuti tikaphonya tiphonye pafupi.
Khasu langa lagunda kanthu, ngwee!
Chogwirira cha kapu, dzimbiri lokhalokha.
Mtima wanga wadumpha,
koma iye akuti naye anasiya kapu.
Mu Lusaka monse chaka chimenecho
makapu anali ofanana.

Madzi a m'botolo tagawana.
Otsala ndathira pansi osatchula dzina,
amwe amene ali ndi ludzu.

Simenti ndinagula kale, matumba awiri,
ali kuseri kwa chitseko ku Mandevu, akulimba okha.
Mwala wa dzina ndilibe pouika.
Madzulo ano ndang'amba tsamba m'kope la mwana wanga,
ndalemba: Yokoniya Mvula, mwana wa Tisauke,
mzere wachisanu ndi chinayi kuchokera pa bulugamu,
mwa anthu atatu, mmodzi ndi iye.
Pansi pake ndalemba foni ya mayi uja.
Tapangana Ogasiti, mphepo ikayamba,
akuti adzabwera ndi khasu lachiwiri.

Pepalalo ndaliika m'chitini cha mkaka,
ndatseka, ndakanikiza ndi chidendene.
Chiswe cha ku Mandevu nachonso n'chophunzira.